Kuvulala kwa ubongo: zotsatira zomwe zimatsala bala likapola

Kuvulala kwa ubongo ndi kusokonezeka kwa kagwiridwe ntchito ka ubongo komwe kumadza munthu akamenyetsa mutu, akamenyedwa ndi chinthu m'mutu, akagwedezeka mwamphamvu, kapena chinthu chikaboola chigaza n'kulowa mkati. Vutoli limasiyana ndi sitiroko, chotupa cha muubongo kapena malungo okhudza ubongo, chifukwa gwero lake ndi mphamvu yochokera kunja kwa thupi. Kawirikawiri limadza kaamba ka ngozi zapamsewu, kugwa, ndewu ndi nkhanza, ngozi za pantchito komanso masewero ogundana.

Anthu ambiri amayesa kuti nkhani yatha wovulala akatsitsimuka, ulusi ukachotsedwa pabala, iye n'kutulutsidwa m'chipatala. Kwa ochuluka mwa omwe avulala pang'ono, zimatheradi pomwepo. Koma kwa ena, makamaka omwe adavulala kwambiri, tsiku lotuluka m'chipatala ndi pomwe pamayambira mavuto ena omwe atha kutenga miyezi, zaka, mwinanso moyo wonse. Chovuta n'chakuti ambiri mwa mavutowa saoneka ndi maso. Munthu amayenda, amalankhula ndipo amadya bwinobwino, koma amaiwala zomwe wauzidwa m'mawa, amatopa ndi kantchito kochepa, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Achibale ndi mabwana akapanda kudziwa gwero la zonsezi, amamutcha waulesi, wamwano, wamisala kapena wolodzedwa, ndipo thandizo lomwe likadamupindulira limachedwa.

Zomwe zimachitika mkati mwa chigaza

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4 ndipo uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni. Ndi wofewa, ndipo umakhala ngati ukuyandama m'madzi apadera mkati mwa chigaza cholimba. Mutu ukaima mwadzidzidzi, monga zimakhalira munthu akagwa panjinga yamoto n'kumenyetsa mutu patala, ubongo umapitirira ulendo wake n'kukagunda fupa mkatimo. Nthawi zina umabwerera n'kukagundanso mbali inayo, kotero kuti yemwe wamenyetsa nkhongo atha kuvulala ubongo wa kutsogolo.

Mbali zomwe zimavulala kawirikawiri ndi ya kuseri kwa chipumi ndi za m'mbali pafupi ndi makutu, chifukwa fupa lomwe mbali zimenezi zimakhalapo ndi losasalala. Mbali ya kutsogolo ndiyo imathandiza munthu kukonza dongosolo la zochita, kusankha mwanzeru ndi kudziletsa, pomwe za m'mbali zimathandiza kusunga zinthu m'mutu ndi kumvetsa zolankhula. N'chifukwa chake kuiwala ndi kusintha kwa khalidwe ndi ena mwa madandaulo omwe madokotala amamva kwambiri kwa ovulala m'mutu.

Maselo a ubongo amalumikizana kudzera m'timitsempha titalititali tonga ulusi. Mutu ukapotoloka kapena kugwedezeka mwamphamvu, timitsemphati timakokeka, tina n'kuduka m'malo ambiri nthawi imodzi. Kuvulala kotere nthawi zambiri sikuoneka pa chithunzi cha makina a CT, omwe ntchito yawo yaikulu ndi kuonetsa magazi otayikira mkati ndi fupa losweka. Choncho dokotala akanena kuti chithunzi chatuluka bwino, kawirikawiri amatanthauza kuti palibe chofunika opaleshoni. Sizitanthauza kuti ubongo sudakhudzidwe.

Pali kuvulala kwinanso komwe kumadza patapita maola kapena masiku. Ubongo umatupa, magazi amatha kumatayikira mkati pang'onopang'ono, ndipo popeza chigaza sichitambasuka, ubongo umapanikizika. Wovulala akamapuma movutika kapena akataya magazi ambiri, maselo omwe akadapulumuka amafa chifukwa chosowa mpweya. Ichi ndicho chifukwa kufika msanga kuchipatala kumakhudza moyo womwe munthuyo adzakhale nawo zaka zam'tsogolo.

Mmene achipatala amayezera kukula kwa vuto

Muyezo womwe umagwiritsidwa ntchito m'zipatala za padziko lonse ndi wa Glasgow Coma Scale, womwe madokotala awiri a pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, adayambitsa m'chaka cha 1974. Amayang'ana zinthu zitatu: ngati wodwala akutsegula maso, momwe akuyankhira polankhula, ndi momwe akusunthira ziwalo. Mapointi amayambira pa 3 kulekeza 15. Wopeza 13 mpaka 15 amati wavulala pang'ono, wa 9 mpaka 12 wavulala pakatikati, pomwe wa 8 kutsika m'munsi wavulala kwambiri.

Chizindikiro china chofunika ndi kutalika kwa nthawi yomwe wovulala amakhala ali maso koma osasunga chatsopano chilichonse m'mutu. Pa nthawiyi amafunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza, sadziwa tsiku kapena malo omwe ali, ndipo ena amavuta pawodi. Nthawiyi ikapitirira sabata imodzi, mpata woti pakhale zotsatira zokhalitsa umakhala waukulu.

Mawu oti "pang'ono" amafotokoza momwe wodwala adalili m'maola oyambirira, osati momwe moyo wake udzakhalire. Ambiri mwa ovulala pang'ono amachira pakatha masiku kapena masabata angapo, ndipo pofika miyezi itatu amakhala atabwerera mwakale, koma ena zizindikiro zimawakhalitsa kupyola apo. Ndi bwinonso kudziwa kuti munthu atha kuvulala ubongo popanda kukomoka ndiponso popanda bala looneka.

Zotsatira za m'thupi

Kupweteka kwa mutu ndiko kumavutitsa anthu ambiri. Kwa ena mutu umakhala ngati wamangidwa chingwe, kwa ena umakhala waching'alang'ala, wodana ndi kuwala ndi phokoso. Kumwa mankhwala opha ululu pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi kumatha kuyambitsa mutu wina wosatha, choncho mutu wosamva panado umafunika kuonedwa ndi dokotala m'malo mongoonjezera mapiritsi a mugolosale.

Kutopa ndi vuto lina lalikulu lomwe anthu salimvetsa. Ubongo wovulala umagwiritsa ntchito mphamvu zambiri pochita zomwe kale unkachita mosavuta. Munthu atha kudzuka ali bwino, koma atakhala ola limodzi pamsonkhano kapena pamzere wa kubanki, amafooka ngati walima tsiku lonse. Tulo natonso timasokonezeka: ena amagona usana ndi usiku, ena amangotembenukatembenuka mpaka tambala woyamba.

Ena amatsala ndi chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, kulira kwa m'makutu kapena kusamva bwino. Timitsempha ta fungo, tomwe timadutsa m'fupa lopyapyala la pamwamba pa mphuno, timaduka mosavuta, ndipo munthu amasiya kumva fungo. Chakudya chimasiya kukoma, komanso pamakhala chiopsezo chifukwa samva utsi, gasi wotuluka kapena ndiwo zosasa. Ovulala kwambiri amatha kufooka kapena kuuma mbali imodzi ya thupi, kulankhula mosamveka, kutsamwa pomeza ndi kulephera kugwira mkodzo. Popeza mbali ya kumanzere ya ubongo imayendetsa mbali ya kumanja ya thupi, ndipo ya kumanja imayendetsa ya kumanzere, kufookako kawirikawiri kumakhala mbali yosiyana ndi yomwe idavulala.

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituitary komwe kamawongolera mahomoni ambiri a m'thupi. Kakavulala, munthu amatha kufooka kosatha, kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kusiya kusamba ngati ndi mayi, kapena kuchepa mphamvu ndi chilakolako m'banja. Ambiri amachita manyazi kutchula zimenezi, chonsecho vuto la mahomoni limayezeka ndipo lili ndi mankhwala.

Khunyu lithanso kuyamba patapita miyezi ngakhalenso zaka chichitikireni ngozi, makamaka kwa omwe fupa lidabonyokera mkati, omwe chinthu chidaboola chigaza, kapena omwe magazi adatayikira muubongo. Khunyu lotere limachokera pa chipsera chomwe chatsala muubongo. Silipatsirana, ndipo kwa anthu ambiri limagonja ku mankhwala monga carbamazepine, phenobarbitone kapena sodium valproate akamamwedwa mosadumphitsa.

Kukumbukira ndi kuganiza

Chodabwitsa kwa achibale ambiri n'chakuti wovulala amakumbukira bwino za kale, monga mayina a aphunzitsi ake a kupulaimale, koma sakumbukira yemwe adabwera kudzamuona dzulo. Zili chomwechi chifukwa zakale zidasungidwa ngozi isanachitike, pomwe chomwe chawonongeka ndi luso losunga zatsopano. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, izi zimaoneka m'njira monga kuiwala poto pambaula, kumwa mankhwala kawiri kapena osamwa n'komwe, kuiwala nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni, ndi kufika kumsika osadziwanso chomwe wabwerera.

Chidwi nachonso chimachepa. Munthu atha kucheza bwino ndi mnzake mmodzi pamalo a phee, koma n'kusokonezeka kotheratu pakati pa phokoso la mudepoti, paukwati kapena m'nyumba momwe wailesi ikulira ana akusewera. Ubongo umachedwanso kugaya zomwe wamva, kotero kuti yankho limabwera anzake atapita kale pa nkhani ina. Wogulitsa malonda amayamba kulakwitsa chenje makasitomala akachuluka, wogwira ntchito muofesi amalephera kuyankha foni kwinaku akulemba, ndipo woyendetsa galimoto amachedwa kuponda buleki.

Palinso vuto la kulephera kukonza dongosolo. Ntchito yooneka yophweka ngati kuphika chakudya cha masana ili ndi magawo ambiri: kuona zomwe zilipo, kugula zomwe zasowa, kukoleza moto, kuyamba ndi chomwe chimachedwa kupsa. Munthu wovulala mbali ya kutsogolo ya ubongo atha kudziwa gawo lililonse palokha koma n'kulephera kuwaika mu ndondomeko, kapena kuyamba ntchito zitatu osamaliza ndi imodzi yomwe. Ena mawu amawathawa pakamwa, ena amamva zolankhula koma osagwira tanthauzo la nthabwala kapena zining'a. Nzeru ndi maphunziro zomwe munthu adali nazo kawirikawiri zimakhalapobe, chomwe chimavuta ndi kuzigwiritsa ntchito pa nthawi yake.

Kusintha kwa khalidwe

Nkhani yodziwika kwambiri pa mbali imeneyi ndi ya Phineas Gage, kapitawo wa ntchito yomanga njanji m'dziko la America. Pa 13 September 1848, pafupi ndi tauni ya Cavendish m'chigawo cha Vermont, wonga wophwanyira miyala udaphulika n'kuponya chitsulo chotalika kuposa mita imodzi, cholemera pafupifupi makilogalamu 6. Chitsulocho chidalowera patsaya la kumanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Gage, yemwe adali ndi zaka 25, adapulumuka. Koma dokotala wake, John Harlow, adalemba kuti munthu yemwe kale adali wodalirika adasanduka wosakhazikika, wotukwana ndi wosaugwira mtima, moti mabwana ake adakana kumubwezera paukapitawo. Patapita zaka zingapo, Gage adakagwira ntchito yoyendetsa ngolo ya akavalo yonyamula anthu m'dziko la Chile, zomwe akatswiri ena amati zikusonyeza kuti adachirako ndithu. Adamwalira mu 1860 atayamba kugwa khunyu, patatha zaka zoposa 11 chivulalireni. Nkhani yake ili ndi zinthu zitatu zomwe madokotala amaonabe lero: khalidwe limatha kusintha, kuchira kumatheka, ndipo zotsatira zina zimabwera mochedwa.

Kusintha kwa khalidwe kumabwera m'njira zosiyanasiyana. Ena amapsa mtima msanga, mkwiyo wake n'kutha posakhalitsa ngati palibe chachitika. Ena amalankhula zosayenera pamaso pa apongozi kapena alendo, amawononga ndalama mosaganizira mawa, kapena amachita zinthu zachibwana. Ena amangokhala duu, osayamba chilichonse mpaka atauzidwa, ndipo izi n'zomwe zimatengedwa ngati ulesi. Palinso omwe amalira kapena kuseka popanda chifukwa chenicheni.

Chomwe chimakulitsa mikangano n'chakuti kuvulala komweko kumatha kuchotsa luso lodzizindikira. Wovulala amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ali bwino, ndipo amaona ngati achibale akumupondereza akamamuletsa kuyendetsa galimoto kapena kusunga ndalama. Kumeneku si kukanika dala, ndipo kukangana naye sikuthandiza kwenikweni.

Matenda a kukhumudwa ndi nkhawa ndi ofala kwa ovulala ubongo kuposa anthu ena, ndipo chiopsezo chodzipha chimakhalanso chokwera. Mawu ngati oti kukadakhala bwino akadafera pangozi pomwepo sayenera kutengedwa mwachibwana, amafunika thandizo la achipatala mwachangu. Mowa ndi chamba zimaonjezera mavuto onsewa. Ubongo wovulala umagonja msanga ku mowa, ndipo mowa umakulitsa mpata wogwa khunyu komanso wovulalanso kachiwiri.

Banja, ntchito ndi chuma

Ngozi zapamsewu zimagwera kwambiri achinyamata ndi abambo a msinkhu wogwira ntchito, omwe nthawi zambiri ndiwo amadyetsa banja. Ndalama zikasiya kulowa, zotuluka zimachuluka: mayendedwe opita kuchipatala, mankhwala, lendi ndi fizi. Yemwe adali gadiyani kuchipatala, kawirikawiri mkazi, mayi kapena mlongo, amapitiriza udindowo kunyumba, ndipo geni kapena ntchito yake imaima. Mpamba umadyedwa, ngongole ya kubanki mkhonde imakula.

Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti chomwe chimalemetsa kwambiri osamalira si kulumala kwa ziwalo koma kusintha kwa khalidwe. Mkazi amadzipeza akukhala ndi munthu wa nkhope yomweyo koma wa mtima wina. Ana amachita mantha ndi kholo lomwe kale linkasewera nawo. Anzake omwe ankadzaza wodi masiku oyamba amayamba kuchepa, ndipo pakatha chaka wovulala ndi womusamalira amatsala okha. Pamenepa m'pomwe mawu a akulu oti mutu umodzi susenza denga amagwira ntchito: achibale ndi a kumpingo kapena kumzikiti akamasinthana, wosamalira amapeza mpata wopuma, ndipo nayenso sadwala.

Kubwerera kuntchito mofulumira kwambiri ndi chimodzi mwa zomwe zimachotsetsa anthu ntchito. Munthu amafika akuoneka wathanzi, amapatsidwa katundu yense wakale, amalakwitsa, kenako amalandira makalata ochenjeza. Njira yomwe akatswiri amalimbikitsa ndi kuyamba ndi maola ochepa, ntchito imodzi pa nthawi, malangizo olembedwa, ndi malo opanda phokoso. Woyendetsa galimoto, wa kabaza, wokwera pamwamba pa nyumba ndi wogwiritsa ntchito makina asabwerere asanavomerezedwe ndi dokotala, makamaka ngati adagwapo khunyu.

M'dziko muno, gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo lamulo la Workers' Compensation Act la m'chaka cha 2000 limapereka mwayi wa chipukutamisozi kwa ovulala ali pantchito. Galimoto zoyenda pamsewu zimayeneranso kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena omwe zingawavulaze. Pa zonsezi pamafunika umboni, choncho lipoti la apolisi, buku la kuchipatala, zithunzi za CT ndi malisiti ziyenera kusungidwa bwino. Ndi nzerunso kuonetsetsa kuti lipoti la dokotala latchula mavuto a kuiwala, kutopa ndi khalidwe, osati mabala ndi mafupa okha.

Ana ndi okalamba

Ana amavulala ubongo akagwa mumtengo kapena pabedi, akagundidwa ndi galimoto kapena njinga, ngakhalenso akamenyedwa. Kugwedeza khanda mwaukali chifukwa choti likulira kumatha kulichititsa khungu, khunyu, kulumala kapena imfa. Chikhulupiriro choti mwana amachira msanga n'choona pa mafupa, koma pa ubongo nkhani ndi ina. Mbali ya kutsogolo ya ubongo imapitirira kukhwima mpaka munthu atadutsa zaka 20, choncho mwana yemwe adavulala ali ndi zaka zisanu atha kuoneka bwino m'makalasi oyambirira, vuto n'kudzaonekera maphunziro akafuna kuganiza mozama ndi kudziyang'anira yekha. Makolo ayenera kudziwitsa aphunzitsi za ngoziyo ngakhale papite zaka, kuti mwana athandizidwe m'malo molangidwa.

Kwa okalamba, omwa mowa kwambiri ndi omwe amamwa mankhwala osungunula magazi, kugwa kochepa kutha kudula kamtsempha ka pamwamba pa ubongo. Magazi amasonkhana pang'onopang'ono, ndipo patapita masabata angapo agogo amayamba kusokonezeka, kugonagona, kukoka mwendo kapena kudandaula mutu. Nthawi zambiri kugwako kumakhala kutaiwalika, anthu n'kumati ndi ukalamba, mwinanso kuwanamizira ufiti. Chonsecho vutoli limachizika ndi opaleshoni yoboola kabowo pachigaza n'kutulutsa magaziwo.

Kugunda mutu mobwerezabwereza

Mu 1928, dokotala wina wa ku America, Harrison Martland, adafotokoza za ankhonya omwe atamenyedwa m'mutu kwa zaka zambiri ankayenda ndi kulankhula ngati aledzera. Mu 2002, Bennet Omalu, dokotala wobadwira ku Nigeria yemwe ankagwira ntchito mumzinda wa Pittsburgh, adapeza zizindikiro za matenda ofanana muubongo wa malemu Mike Webster, katswiri wa mpira wa ku America. Matendawa masiku ano amadziwika ndi dzina lachidule loti CTE. Mu 2019, kafukufuku wa yunivesite ya Glasgow adapeza kuti omwe adasewerapo mpira wamiyendo ngati ntchito ku Scotland ankamwalira ndi matenda ofooketsa ubongo kuwirikiza pafupifupi katatu ndi theka poyerekeza ndi anthu ena. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wovulala m'mutu adzadwala matenda oiwala akadzakula. Zikusonyeza kuti chiopsezo chimakwera, maka kuvulala kukabwerezedwa. Wosewera yemwe wagunda mutu n'kuoneka wosokonezeka ayenera kutuluka m'bwalo tsiku limenelo, chifukwa kugundanso ubongo usanachire n'koopsa kwambiri.

Kuchira ndi thandizo lomwe lilipo

Maselo a ubongo omwe afa sabwerera, koma otsalawo amatha kupanga njira zatsopano zolumikizirana, ndipo njirazi zimalimba munthu akamabwereza zochita. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 mpaka 12 yoyambirira, kenako liwiro limachepa, koma ambiri amapitirira kupeza bwino kwa zaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Palibe piritsi kapena mankhwala azitsamba omwe atsimikizika kuti amabwezeretsa ubongo wovulala. Chomwe chimathandiza ndi kuchiza vuto lililonse palokha, monga khunyu, mutu, kusowa tulo ndi kukhumudwa, pamodzi ndi mafizo ndi kuphunziranso ntchito za tsiku ndi tsiku.

Ovulala kwambiri amatumizidwa kuzipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu Central ndi Zomba Central. Pa chipatala cha Kamuzu Central palinso Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, yomwe imaona za mafupa ndi maopaleshoni a ubongo. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre komwe amathandiza anthu olumala ziwalo ndi mafizo. Pa mavuto a maganizo ndi khalidwe pali chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu, komanso m'zipatala za m'maboma mumapezeka ogwira ntchito za umoyo wa maganizo. Kupita kumalo amenewa sikutanthauza kuti munthu wapenga.

Gawo lalikulu la kuchira limachitikira kunyumba. Ndondomeko yosasinthasintha ya nthawi yodzuka, kudya, kumwa mankhwala ndi kugona imapeputsa ntchito ya ubongo. Kabuku kolembamo zochita, kalendala ya pakhoma ndi alamu ya pafoni zimalowa m'malo mwa kukumbukira. Makiyi, foni ndi mankhwala zikhale ndi malo amodzi. Polankhula naye, ndi bwino kunena chinthu chimodzi pa nthawi n'kumupatsa mpata woyankha. Ntchito zofuna kuganiza zichitike m'mawa, kupuma kubwere asanatope. Mkwiyo ukayamba, kuchepetsa phokoso ndi kusiya nkhaniyo kaye kumathandiza kuposa kubwezera mawu, ngakhale kuti nkhanza zoika ena pachiswe ziyenera kukanenedwa kwa achipatala. Kumuchitira chilichonse n'kolakwika chimodzimodzi ndi kumusiya yekha: apatsidwe ntchito zomwe angathe, monga kusesa, kuthirira dimba kapena kuthandiza pa geni, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Ndiponso munthu wamkulu apatsidwebe ulemu wake, azifunsidwa maganizo pa nkhani za banja lake.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Munthu yemwe wamenyetsa mutu, kaya ndi lero kapena masabata apitawo, apite naye kuchipatala mosachedwa akaonetsa china mwa izi:

• mutu womwe ukupitirira kukula ululu
• kusanza mobwerezabwereza
• kugona kovuta kudzutsa kapena kusokonezeka komwe kukuonjezereka
• kukomoka kapena kugwa khunyu
• kufooka kwa mkono kapena mwendo, kapena kulankhula mosamveka
• magazi kapena madzi oyera otuluka m'khutu kapena m'mphuno
• kadontho kakuda ka pakati pa diso limodzi kukula kuposa ka linzake

Munthu akagwa khunyu, achotsereni zinthu zomwe zingamuvulaze, ikani chofewa kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa ndipo musamupanikize. Khunyu likapitirira mphindi zisanu, likabwereza asanatsitsimuke, kapena likakhala loyamba, apite naye kuchipatala. Wodwala khunyu asamakhale yekha pafupi ndi moto, pachitsime kapena kumtsinje.

Kupewa

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati mu lipoti lake la 2023, anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Bungweli limatinso kuvala bwino chipewa chodzitetezera panjinga yamoto kumachepetsa chiopsezo chovulala ubongo ndi 74 peresenti pena. M'mizinda ya m'dziko muno, momwe kabaza wa njinga zamoto wasanduka mayendedwe a tsiku ndi tsiku, nkhaniyi ikukhudza woyendetsa ndi wokwera yemwe. Chipewa chosamanga lamba chimavuka munthu asanafike pansi, ndipo chomwe chidagundapo pangozi chimakhala chitatha mphamvu ngakhale chioneke chabwino kunja. Kumanga lamba m'galimoto, kupewa liwiro ndi mowa pamsewu, kuvala zodzitetezera pa ntchito zomanga, ndi kuchotsa zopunthwitsa m'nyumba za okalamba ndi njira zina zosafuna ndalama zambiri.

Kwa omwe adavulala kale, chofunika kwambiri ndi kusataya chingwe cholumikiza ngozi ndi mavuto omwe abwera pambuyo pake. Munthu akayamba kuiwala, kugwa khunyu, kulephera kusukulu kapena kusintha khalidwe, achibale auze achipatala za ngozi ya m'mutu yomwe adakumana nayo, tsiku lake, ngati adakomoka ndi nthawi yomwe adakhala asakuzindikira, ngakhale patapita zaka. Nthawi zambiri mbiri imeneyi ndiyo imatsogolera dokotala ku thandizo loyenera.